Jenereta ya bwana isaphe munthu ndi dzanja lanu

Inu achinyamata amene mwangotuluka ku Lilongwe Technical College, ndi inu amene mukuphunzira zamagetsi ponyamulira mmisiri wina chikwama kuno ku Old Town, ntchito imene ikupezeni msanga ndi ya jenereta. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga ku Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, ndipo anthu a ku Area 3, Area 10, Area 47 ndi eni mashopu muno mu Area 4 anathamangira kukagula majenereta. Kapichira anakonzedwa, koma majenereta aja akadali kuseri kwa nyumba. Bwana akakuitanani amangoti, "Ingolumikizani, akathima tiziyatsa." Za earth satchula, pajatu earth siyatsa babu.

Chingwe chija cha mapulagi awiri, ina ku jenereta ina m'soketi ya pakhoma, muzichikana ngakhale akulonjezeni ndalama zingati. Mano a pulagi yachiwiriyo amakhala ndi moto poyera. Choopsa kwambiri n'chakuti wina akaiwala kutsitsa main switch, magetsi amatuluka m'nyumba kulowera ku thiransifoma, ndipo thiransifoma sisankha mbali. Mavoti 230 anu aja iwakweza kufika 11,000 pa mawaya amene wantchito wa ESCOM wakwera polo kukagwira, akudziwa kuti ndi ozima. Ikani changeover, yodula live ndi neutral pamodzi. Ngati nyumba ili ya three-phase, idule mawaya onse anayi.

Tsopano chitsulo chokhoma pansi chija. Ambiri akachikhoma n'kumangapo waya amasasa fumbi m'manja, ati earth yatha. Ayi ndithu. Magetsi salowa m'nthaka n'kutheramo ngati madzi otsukira mbale, amafuna njira yobwerera kumene achokera. Changeover ikakhala kumbali ya jenereta, kochokera kwake ndi jeneretayo, ndipo earth ya ESCOM simungaidalirenso. Majenereta ang'onoang'ono ambiri amabwera neutral yake isanalumikizidwe ku thupi la makina. Zikatero, live ikakhudza chitsulo cha fuliji palibe chimene chimagwa mu DB, fuliji imangogwira ntchito bwinobwino vuto lili momwemo, kudikira tsiku limene waya wina adzasupuke penapake. Choncho neutral ya jenereta imangidwe ku earth, pamalo amodzi okha, kumbali ya jenereta ya changeover. Mukamanga pawiri, magetsi ayamba kuyenda m'waya wa earth tsiku lililonse, pomwe wayayu ntchito yake ndi ya pa ngozi basi.

Koma musanamange, werengani kabuku ka makinawo, kenako yezani. Alipo majenereta ena amene pakati pa koyilo yake anamangirira kale ku thupi, moti mwendo uliwonse umapereka theka, mavoti ngati 115. Mita ya digito imatha kunama pamenepa, imaonetsa theka ngakhale pamene palibe cholumikizidwa, ndiye tsimikizani ndi babu loyesera. Babu likayaka mofooka pa miyendo yonse iwiri poyeza ndi thupi la makina, musamange neutral, muwotcha koyilo. Jenereta yotere njoyendetsera drilu kapena chopukusira zitsulo kuntchito. Muwauze bwana mosapita m'mbali kuti siyolumikiza ku nyumba.

Chitsulo chokhoma pansi chija chikhale chokutidwa bwino ndi kopa. Pogula ku Malangalanga chikandeni pang'ono, chifukwa zina anangozipaka mtundu. Kawirikawiri chimatalika mita imodzi ndi masentimita 20, ndipo dothi lofiira la Lilongwe mu Okutobala limauma gwa, moti ndaonapo anyamata akuchidula pakati ndi sowo kuti aweruke msanga. Khomani chonse, ndipo ngati maohmu akadali okwera lumikizanipo china chitsike mpaka pachinyezi. Funsani kaye kumene kwadutsa mapaipi ndi makebulo a pansi. Za kuthira mchere ndi makala pachitsulocho ndikudziwa kuti munaphunzira kwa akuluakulu anzanga. Mchere umatsitsadi nambala tsiku loyeza, koma umadya chitsulo, ndipo mvula ikagwa umasungunuka n'kupita. Waya wobiriwira ndi chikasu, wokhuthala, umangidwe ndi kilampu, osangozengereza ndi pulayala. Thupi la jenereta, chitsulo cha pansi ndi earth ya mu DB zilumikizane. Paipi ya madzi isakunamizeni, masiku ano zambiri n'zapulasitiki. Pamwamba pa chitsulo musathire simenti, siyani kachivundikiro koti munthu azitsegula n'kuona, pakuti akuba kopa sasiya ngakhale waya wa earth, ndipo akaudula nyumba imayakabe osadziwika kuti chachitika n'chiyani.

Muyeze m'chilimwe, nthaka ili youma, ndipo nambalayo muilembe mkati mwa chitseko cha DB pamodzi ndi tsiku. Ya mu Febuluwale, nthaka ili yonyowa, imakometsa aliyense. RCD ya 30 mA muiyese jenereta ikulira, ndi choyezera cha pa soketi. Kabatani kake kaja kamangokuuzani kuti RCD ili moyo, sikanena ngati njira ya earth ili yonse.

Jenereta ikhale panja pamphepo, kutali ndi mawindo, osati m'galaja. Mpweya wakupha wa mu utsi wake sununkha. Muwauzenso alonda pamaso pa bwana kuti mu Juni, kukazizira, asamakagone m'kanyumba ka jenereta pofuna kufunda.

Ngati mulibe chiphaso cha MERA, itanani mmisiri amene ali nacho adzaone ntchitoyo musanayatse. Ndipo bwana akati, "Changeover yakwera mtengo, ingolumikizani choncho," longedzani zida zanu, tsanzikani mwaulemu, muzipita.