GOGOMOLE, NJOBVU NDI KUGWEDEZEKA KWA KATUNDU

Ali yense amene anakwerapo lole pa mseu waukuru wa kum'mawa, kucokera ku Rufunsa kutsikira ku mlatho wa Luangwa, adziwa kuti katundu saonongeka ndi kugwa kokha ai. Kugwedezeka kosalekeza kumamasula misomali, kumafoketsa ngakhale citsulo, ndipo mbiya imene inacoka kwao yamphumphu ifika yong'aluka. Amai athu anazindikira ici kale lomwe, cifukwa cace amayala udzu pakati pa mbiya zao.

Pa Yobu 12:7 tilangizidwa kuphunzira kwa nyama ndi mbalame, ndipo amisiri a makono acitadi comweco. Taonani njobvu za ku Lower Zambezi, kumwera kwa dziko lathu lino. Pansi pa phazi la njobvu pali mafuta ogawidwa m'tizipinda ndi minyewa yolimba. Ikaponda, tizipindato tiphwanyirira ndi kubwereranso, ndipo mafupa salandira mphamvu yonse ya cinyama colemeraco. Momwemonso amisiri apanga zitsulo ndi mphira zokhala ndi timabowo toyalidwa mwa dongosolo, kuti kugwedezeka kuthere m'katimo kusanafike pa cinthu cimene afuna kuciteteza. Cinsinsi cace ciri m'mayalidwe a tizipindato.

Koma nkhani ya gogomole ndiyo yondikondweretsa ine koposa. Zaka zambiri anthu ophunzira anayesa kuti pfupa lofewa la m'mutu mwa mbalameyi ndilo licinjiriza ubongo wace pogogoda mtengo. M'caka ca 2011 akatswiri awiri a ku Berkeley, ku America, anatsanzira mutuwo, nasanjikiza citsulo, mphira ndi timikanda ta galasi, ndipo cipangizo caoco cinatetezadi makina osacedwa kuonongeka. Koma m'caka ca 2022 Sam Van Wassenbergh wa ku Antwerp ndi anzace anajambula agogomole ndi makamera ofulumira kwambiri, napeza kuti mutuwo sufewetsa nkhonya konse. Ukadatero, mbalameyo ikadataya mphamvu yace pacabe, monga munthu wokhoma msomali ndi nyundo yokulungidwa m'nsanza. Cimene ciipulumutsa makamaka ndico kucepa kwa ubongo wace. Cipangizo cija cinagwira nchito ndithu, koma amene anacipanga sanamvetse bwino mphunzitsi wao.

Mukamva kugogoda m'nkhalango za miombo za kwa Mpanshya, muyandikire mwakacetecete, muone umo mlomo, mutu ndi khosi ziyendera pamodzi ngati nyundo imodzi.