Kusunga Njinga Yamoto Mwini Wake Ali Paulendo

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Nsungwi, ku Area 25, amene amachita kabaza. Akuti akupita ku Johannesburg kukagwira ntchito chaka chathunthu, ndipo akufunsa kuti njinga yawo aisunge bwanji kuti adzaipeze ikulira.

KATSWIRI: Zikomo bambo, mwachita bwino kufunsa musananyamuke, pakuti ambiri amene amakankhira njinga m'chipinda, naifunditsa pepala la pulasitiki, nakwera basi mtima uli m'malo, amadzapeza chikomekome cha mkuyu, kunja kukuwala koma m'kati dzimbiri litadya kale.

Mdani wanu wamkulu ali m'thanki. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ngakhale mafuta amenewa ali abwino pamene njinga ikuyenda tsiku ndi tsiku, akakhalitsa osagwedezeka amakoka chinyezi cha mumpweya, makamaka m'nyengo ya dzinja kuyambira Novembala kufikira Epulo, kotero kuti madzi amadikha pansi nayamba kudya chitsulo, pamene petulo wotsalira m'kabuleta amauma nasanduka phula lotseka timabowo. Chifukwa chake, popeza ulendo wanu ndi wa chaka, khuthulani petulo yense, mumasule kasikulu ka pansi pa kabuleta kuti ndi wa m'menemo atuluke, ndipo muthire oyilo pang'ono m'thanki ndi kuigwedeza kuti afike ponseponse. Chitani zimenezi pabwalo, kutali ndi mbaula. Ukadakhala ulendo wa miyezi iwiri yokha, ndikadati mudzaze thanki mpaka pakamwa.

Oyilo wakale wa mu injini mumuchotse injini ikadali yotentha, muthire watsopano. Mumasulenso pulagi, mudonthezere oyilo pang'ono pabowo pake, muponde kiki kawiri kapena katatu, ndi kubwezeretsa pulagiyo. Tcheni muchitsuke ndi palafini ndi kuchidzoza. Njinga iime pa sitandi yapakati, thabwa lili pansi pa tayala lakutsogolo, ndipo pakamwa pa ekizozi mutsekepo ndi kansanza, chifukwa mavu amamangamo. Muifunditse nsalu yakale, imene imalola mpweya kudutsa. Ndikupemphani ndithu, musaigoneke chipinda chimodzi ndi matumba a feteleza, amene amadyetsa chitsulo msanga, kapena a chimanga, amene amaitana makoswe odzatafuna mawaya.

WOULUTSA: Mayi wina wa ku Chinsapo akuti amuna awo ali kale kunjako, ndipo mlamu wawo amabwera Loweruka lililonse kudzailiza njinga pang'ono. Kodi akuchita bwino?

KATSWIRI: Mayi, alamu anuwo cholinga chawo n'chabwino, koma injini yolira mphindi zisanu ili chiimire siitentha mokwanira kuti iumitse nthunzi imene yadzipangira yokha, ndipo nthunziyo imatsalira mu oyilo ndi mu ekizozi. Ngati ali ndi laisensi ndipo inshuwalansi siinathe, aiyendetse theka la ola. Ngati ayi, aileke igone. Ntchito imene angakuthandizeni nayo ndi ya batire: alichotse, kuyambira waya wakuda, alisunge pouma, ndipo mwezi uliwonse apite nalo kwa amakanika kukalitchajitsa.