Chiphe Chikagonera M'botolo: Phunziro la Sayansi m'Sitandade 8

Tsiku lina ndinapita kukaonerera mphunzitsi wophunzira ntchito pa sukulu ina ya pulaimale m'boma la Chiradzulu. Iye anafuna kuonetsa ana kuti masamba a ombwe, chitsamba chimene ena amachitcha mthuthu, amapha tizilombo. Anasinja masambawo Lachinayi, naŵaviika m'madzi, nasiya botolo pazenera poomba dzuŵa. Lolemba anaikamo mphutsi za udzudzu, ndipo m'maŵa mwake zambiri zinali kusambirabe. Ana analemba m'makope mwawo kuti ombwe alibe chiphe.

Yankho limeneli nlolakwa, ndiponso nloopsa, pakuti mwana wolikhulupirira angathe kuseŵera ndi madzi otere kapena kuŵataya mumtsinje. Cholakwa sichinali pa chitsambacho ayi, koma pa masiku anayi amene madziwo anakhala padzuŵa.

Vuto lomweli limaŵapezanso akatswiri a m'malabotale akuluakulu. Iwo akafuna kudziŵa ngati mankhwala ali oopsa kwa munthu, kaŵirikaŵiri amayamba aŵayesa pa maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, amene amaleredwa m'timbale ta pulasitiki. Maselowo amakhala m'madzi okhala ndi mchere, shuga, mavitamini ndi zakudya zina. Msakanizo wodziŵika kwambiri wa madzi otere anaukonza Harry Eagle wa ku America m'zaka za 1955 ndi 1959. Timbaleto timasungidwa pa kutentha kwa madigiri 37, kofanana ndi kwa thupi la munthu, kwa maola 24, 48 kapena 72.

M'nthaŵi imeneyi chiphe chimene chathiridwamo chingathe kuchepa mwa njira zinayi. China chimaphwanyika chifukwa cha madzi ofundawo kapena kuŵala, china chimauluka, china chimamatirira ku pulasitiki, ndipo china chimagwidwa ndi mapuloteni a madzi a m'magazi a ng'ombe amene amaonjezedwa kuti maselo akule bwino. Motero mlingo umene katswiri anathira si umene umafika pa maselo. Nchifukwa chake katswiri wosamala amayeza chiphecho poyamba ndi pomaliza, asananene kuti mankhwalawo ngosaopsa.

Ife tilibe zipangizo zotere, koma mfundoyi tingathe kuiphunzitsa ndi ombwe yemweyo. Dzina lake la sayansi ndi Tephrosia vogelii, ndipo mphamvu yake imachokera ku mankhwala a m'gulu la rotenone, amene amaphwanyika msanga padzuŵa.

Mphunzitsi asinje yekha masamba odzaza manja aŵiri ochokera pa chitsamba chimodzi, aŵaviike m'lita imodzi ya madzi usiku wonse, kenaka asefe ndi nsalu. Madziwo aŵagaŵe mofanana m'mabotolo atatu oonekera mkati. M'botolo loyamba aikemo mphutsi 10 tsiku lomwelo. Lachiŵiri alitseke nkulisunga m'kabati mwa mdima, lachitatu alitseke nkuliika padzuŵa. Pakapita masiku anayi, aike mphutsi zatsopano 10 m'lililonse la aŵiriŵa, nkuŵaika onse pamthunzi. Nthaŵi zonse pakhale botolo lina la madzi okhaokha ndi mphutsi 10, kuti ana aone ngati mphutsizo sizikufa ndi chifukwa china. Botolo lililonse la mphutsi livundikiridwe ndi kansalu. Ana aŵerenge zakufa patatha maola 24, nalembe ziŵerengerozo pabolodi.

Tiyembekeza kuti madzi atsopano adzapha zambiri ndipo a padzuŵa adzapha zochepa. Koma ngati atsopanonso sapha, mphunzitsi asabise zotsatirazo. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2012 anaonetsa kuti m'Malaŵi muli mitundu iŵiri ya ombwe, ndipo umodzi ulibe mankhwala opha tizilomboŵa. Ayesenso ndi masamba a chitsamba china.

Pokambirana, afunseni ana mafunso otere: Kodi botolo la madzi okhaokha nlantchito yanji? Kodi chimene chafooketsa madzi a padzuŵa nkuŵala kapena kutentha? Nanga tingayese bwanji kuti tisiyanitse ziŵirizi? Musafulumire kuŵayankhira.

Chenjezo nlakuti ana asakhudze madziŵa kapena kuŵalaŵa, ndipo mphunzitsi asambe m'manja ndi sopo akatha. Zotsala zithiridwe madzi oŵira nkukwiriridwa m'dzenje, kutali ndi chitsime ndi mtsinje, pakuti ombwe amapha nsomba.

Ana ambiri a ku Chiradzulu amathandiza makolo awo m'minda ya chimanga ndi nandolo ndiponso m'madimba a ndiwo zamasamba. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake adzamvetsa chifukwa chake mankhwala osungunula kale sayenera kusungidwa kuti akapoperedwe sabata ya maŵa. Mumkumbutsenso kuti mankhwala olephera kupha mbozi angathebe kudwalitsa munthu.