Chirikizani Foloko Isanathyoke

Werengani: Mlaliki 4:9-12, Agalatiya 6:2

Kwa Nchilamwela, m'misewu yodutsa m'minda ya tiyi, njinga zakale za Humber ndi Phoenix zikugwirabe ntchito. Zimasenza nthochi, makala ndi matumba a chimanga, kukwera ndi kutsika zitunda za ku Thyolo. Foloko, chitsulo chogwira tayala lakutsogolo, imazunzika kwambiri. Ikathyoka pamtsetse, wokwera amagwa chamutu.

N'chifukwa chake amisiri ena amaichirikiza. Amadula ndodo ziwiri zachitsulo zotalika mofanana, n'kusula nsonga zake ndi hamala mpaka zitaphwatalala, kenako n'kuziboola. Nsonga zapansi amazimanga ndi manati ogwira tayala, zapamwamba amazimanga pa kachitsulo kamene amakaika pansi pa handulo. Ndodo ina ikatalika pang'ono, tayala limapendama ndipo njinga imakokera kumbali. Ntchitoyi imachitika foloko ikadali yolimba. Ikachita mng'alu, palibenso chochirikiza, mwini wake akagule ina basi.

Pasukulu pano pali anzathu amene asenza katundu wolemera: fizi yoperewera, matenda kumudzi, mayeso osayenda bwino. Ambiri amangokhala chete mpaka tidzamve kuti asiya sukulu kapena sakubweranso kutchalitchi. Paulo akutilangiza kuti tizithandizana kusenza zotilemera, ndipo Mlaliki akumvera chisoni munthu wogwa popanda womudzutsa. Tisadikire kuti mnzathu agwe.

Zokambirana
1. Tingadziwe bwanji kuti mnzathu walemedwa, iye osanena?
2. Ndani amene mumuyendere Sabata lisanalowe?