Phunziro la Cingerezi: Liu Lakuti "Charge"

M'cinenero cathu tiri nao mau otanthauza zinthu ziwiri kapena zitatu. Tikati mtengo, mwina tinena wa m'thengo, mwina tinena ndalama zogulira nsaru. Koma ngakhale mwana sasokonezeka, pakuti mau oyandikana nao amlangiza. Cingerezi naconso ciri ndi mau otere ambiri. Mwezi uno tiphunzire limodzi la iwo, ndilo charge. Cifukwa limveka kusitoro, kubwalo la milandu, kucipatala ndi mumpingo, ndipo wolimva molakwa akhoza kugwa m'tsoka.

Tiyambe ndi kumene linacokera. M'Cilatini, cinenero ca Aroma akale, gareta anati carrus, ndipo kulonga akatundu m'gareta anati carricare. Liuli linalowa m'Cifalansa. Ndipo William, mkuru wa dziko la Normandy, atagonjetsa England m'caka ca 1066, mau ambiri a Cifalansa analowa m'Cingerezi m'zaka zotsatira, pamodzi ndi ili. Tsono tanthauzo lace loyamba ndilo katundu. Mau akuti car, carry ndi cargo aturuka pa muzu womwewo. Mukasunga ici mumtima, matanthauzo enawo sadzakubvutani, pakuti onse anena za cinthu coikidwa pa munthu kapena m'cotengera.

Coyamba, ndilo mtengo. Mmisiri akakonza njinga yanu, ndalama zimene aitanitsa ndizo charge yace: wakusenzetsani mangawa. Koma mukaona polembedwa free of charge, dziwani kuti palibe colipira, ndipo munthu asakunyengeni.

Caciwiri, ndilo mlandu. Apolisi akanena kuti munthu ali charged, atanthauza kuti amuimba mlandu wakuti-wakuti. Pano cenjerani: kuimbidwa mlandu si kutsutsidwa ai. Lamulo limuyesa munthuyo wosalakwa kufikira woweruza atamva mboni ndi kugamula. Cifukwa cace tisafulumire kunyoza mbale, kapena kumsala m'mudzi, pongomva liu limeneli.

Cacitatu, ndilo kuyang'anira. Namwino amene ali in charge ndiye wamkuru wa cipinda ca odwala. Kukacitika coipa, afunsidwa ndiye. Onaninso mphamvu ya kaliu kakang'ono: tikati munthu ali in charge of ana, iye ndiye awasunga, koma tikati ali in the charge of wina, iye ndiye wosungidwa. Kaliu kakuti the katembenuza mbuye kukhala mwana.

Cacinai, ndilo lamulo lolemera. M'Baibulo la Cingerezi la m'caka ca 1611, liuli lipezeka m'makalata a Paulo kwa Timoteo, pamene mtumwiyo amlamulira asunge ciphunzitso coona. Momwemonso m'mipingo ya Cipresbiteriyo, cilangizo cimene mbusa watsopano alandira tsiku lakudzozedwa kwace ndico charge, ndipo mpingo umene apatsidwa kuuweta uchedwanso dzina lomweli.

Cacisanu, ndilo kudzaza. Osaka akale pothira wonga m'mfuti anali kuisenzetsa katundu wace. Ndipo lero, podzaza mphamvu ya magetsi m'batire ya lamya, tinena kutchaja, osadziwa kuti tichula gareta la Aroma.

Nanga tiphunzirapo ciani? Coyamba ndi ici: musalembe dzina lanu, kapena kudinda cala, pa kalata imene muli liu ili musanafunse kuti, Katundu ameneyu ngwotani, ndipo adzamsenza ndani? Kufunsa sikucititsa manyazi. Ambiri analowa m'mangawa cifukwa coopa kuoneka osadziwa. Ndipo inu odziwa kuwerenga Cingerezi, amene anzanu akutengerani makalata ao, musamasulire mothamanga. Werengani mau onse ozungulira liulo, ndipo mukakayika, funsani mphunzitsi.

Cina ndi ca ife akulu a mpingo, aphunzitsi ndi osunga zopereka. Ambiri akondwera pomva kuti aikidwa in charge, nayesa kuti alandira ulemu ndi mpando wakutsogolo. Koma liulo lokha liwadzudzula, pakuti muzu wace ndi katundu. Woikidwa kuyang'anira anzace ndiye wamtengatenga wao, ndipo tsiku lina adzafotokozera Mwini katunduyo umo anamsenzera. Madzulo ano werengani ndi a m'banja mwanu 1 Timoteo mutu 6, ndipo yense adzifunse za katundu amene anampatsa Ambuye.