NSARU YOPYAPYALA KOPOSA ZONSE

Anzanga, tonsefe timagwira pensulo tsiku ndi tsiku, koma owerengeka okha ndiwo adziwa cimene ciri m'kati mwace. Mtima wakuda uja ndiwo graphite, mwala umene upezeka ngakhale kwathu kuno ku Malingunde, pafupi ndi Lilongwe. Mwalawu uli ngati buku la masamba ambirimbiri osanjikizana, ndipo polemba timasenda masambawo ndi kuwasiya pa pepala. Tsamba limodzi lokha dzina lace ndi graphene. Kucindikala kwace ndi atomu imodzi ya carbon, kotero kuti m'milimita imodzi ya graphite muli masamba ngati 3,000,000.

M'caka ca 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku Manchester anapatula tsamba limodzi pakumata tepi pa graphite ndi kumatula kambirimbiri. Anaona kuti magetsi ayendamo bwino kwambiri, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2010. Koma tizidutswa taoto tinali tocepa zedi, tooneka pa microscope pokha. Kodi telala angasoke malaya ndi kacigamba? Iai. Momwemonso opanga zipangizo za magetsi afuna tsamba lalikuru ndi lamphumphu.

Njira yabwino inapezeka mu 2009 ku University of Texas. Amaika mkuwa wopyapyala ngati pepala m'ng'anjo yotentha madigiri 1000, napititsamo mpweya wa methane. Mkuwa wotenthawo uphwanya mpweyawo, ndipo carbon iyala pamwamba pace. Popeza mkuwa sumwa carbon yambiri, ukangophimbika ponseponse nchito ileka yokha, tsamba nkukhala limodzi. Pambuyo pace amamata pulasitiki pamwamba, nasungunula mkuwa ndi mankhwala, nasamutsira tsambalo pa galasi. Mu 2010 akatswiri a ku South Korea anapanga motero tsamba la mainchesi 30.

Mabvuto alipobe. Posamutsa, tsamba limakwinyika kapena kung'ambika, ndipo pong'ambikapo magetsi sapita. Ndiponso graphene sikhoza kutsekereza magetsi kotheratu, pamene transistor iyenera kutsegula ndi kutseka ngati citseko. Cifukwa cace akatswiri akuyesanso molybdenum disulphide, imenenso iri ya masamba koma itseka bwino.

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Inu amene mudandaula ndi Chemistry, limbikani, pakuti nchito imeneyi siinathe, ndipo ifunabe manja.