Mafunso ndi Mayankho: Kuwedza Walleye Mumtsinje Chisanu Chikamatha

WOULUTSA: Abale athu okhala kumpoto kwa America ndi ku Canada, kwanuko ayezi wayamba kusweka m'mitsinje. Makalata a sabata ino adzadza ndi nkhani imodzi, ya nsomba ija amati walleye. Ambiri akufunsa za kawedzedwe kokoka nyambo kumbuyo kwa boti likuyenda, kamene eni dzikolo amati trolling. Bambo athu odziwa za usodzi afika kale muno. Takulandirani, bambo.

KATSWIRI: Zikomo, mayi. Tiyeni nawo makalatawo, nthawi isatithere.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera ku South Bend, ku Indiana. Bamboyu akuti kwawo ndi ku Nkhotakota. Akuti: "Anzanga akuntchito akundikakamiza kuti tikawedze mumtsinje wa Detroit mwezi wa Epulo. Chikundidabwitsa n'chakuti nyanja ya Erie ili pomwepo, yaikulu. Nanga anthu amapanikizana bwanji mumtsinje kukuzizira chonchi?"

KATSWIRI: Achimwene, ngati kwanu n'ku Nkhotakota ndiye kuti yankho muli nalo kale. Mpasa imakhala m'nyanja, koma nthawi yoswana ikakwana imakwera mtsinje wa Bua kukasaka miyala yoikirapo mazira. Walleye nayo imatero. Madzi akayamba kufunda n'kufika madigiri 6 mpaka 10 pa Celsius, kapena kuti 42 mpaka 50 pa Fahrenheit amene mumawerenga uko, zina zimaswana pamiyala ya m'nyanja momwemo, ndipo zina zimalowa m'mitsinje ya Detroit, Maumee ndi Sandusky. Zoyamba kufika ndi zamphongo, zocheperapo msinkhu. Zazikazi, zomwe ndiye zikuluzikulu, zimabwera pambuyo mimba zili tho ndi mazira. Zimawamwaza usiku pansangalabwi pomwe madzi akuyenda, n'kuchokapo osawasamala n'komwe. Ndiye nsomba zomwe chaka chonse zimabalalika m'nyanja, masabata ochepa amenewa zimaunjikana malo opapatiza. Anzanuwo sanapenge.

Koma mugwire mfundo iyi, chifukwa ndibwerera pomwepa kangapo. Nsomba ya m'madzi ozizira sifuna kuwononga mphamvu. Imakhala pansi penipeni, mimba itatsala pang'ono kukhudza mchenga, pakuti pansi madzi sathamanga ngati pamwamba. Imabisala kuseri kwa mwala, m'kadzenje, kapena pamzere pomwe madzi othamanga akumana ndi odekha. Sithamangitsa chakudya, imadikira kuti chakudyacho chiidutse pamphuno. Nyambo yanu ikadutsa mita imodzi pamwamba pake, mwangoyenda ulendo wokaona malo.

WOULUTSA: Pamenepo mwagunda kale kalata yachiwiri. Iyi yachokera ku Minnesota. Mnyamatayu akuti anagula kaboti kakale ndipo amapita ku Red Wing, pamtsinje wa Mississippi. Akuti: "Nyambo ndimagula zofanana ndi za anzanga, malo ndi omwewo, koma iwo akukweza nsomba ine ndikungotentha petulo. Kodi pali mankhwala?"

KATSWIRI: Mankhwala palibe, mwana wanga. Malo mwasankha abwino. Chigawo chimenecho cha Mississippi, kuchokera pa damu la Lock and Dam 3 kutsika mpaka kudutsa nyanja ya Pepin, amachitcha Pool 4, ndipo amalola kuwedzamo walleye chaka chonse, pamene nyanja za mkati mwa Minnesota amatsegula mu Meyi. Vuto lanu ndikuliona pa zinthu ziwiri: nyambo sikufika pansi, ndiponso mukuthamanga.

Tiyambe ndi kamangidwe. Mugule kachitsulo kozungulira ka maso atatu, m'sitolo mukati three-way swivel akupatsani. Diso loyamba mumangeko chingwe chochokera kundodo. Diso lachiwiri mumangeko kachingwe kakafupi, phazi limodzi kapena limodzi ndi theka, ndipo kumapeto kwake mupachike mtovu. Diso lachitatu mumangeko chingwe cha mapazi 4 mpaka 6, kumapeto kwake kukhale nyambo yonga kansomba, yowonda, yopepuka moti mukaiponya m'madzi imayandama. Ambiri amakonda Rapala yoyandama ija, mbadwa ya nyambo yomwe msodzi wa ku Finland, Lauri Rapala, anasema koyamba mu 1936. Kukoma kwake n'kwakuti imagwedeza thupi ngakhale boti likukwawa. Mtovu ndiye umaitsitsa, iyo n'kumasambira pamwamba pang'ono pa miyala osakodwa. Kachingwe ka mtovu kaja kakhale kofooka kuposa zingwe zinazo. Mukakodwa, kaduke ndi komweko, mutaye mtovu wotchipa koma nyambo yodula ibwerere.

Tsopano kayendedwe. Boti liloze kumtunda, kulimbana ndi madzi. Apa mpomwe achinyamata amanamizidwa ndi makina. GPS imakuuzani liwiro lomwe mukuyenda poyerekeza ndi nthaka, koma nyambo imamva liwiro la boti kuphatikiza la madzi omwe akuiwomba. Mutha kuyenda mailo imodzi yokha pa ola, mtengo wa pagombe mukuuona ukuchoka mwapang'onopang'ono zedi, koma nyambo pansipo ikuvina bwinobwino. Choncho musanatsitse, ikani nyamboyo m'madzi pambali pa boti muione ndi maso anu. Ikangoyamba kugwedeza mchira, liwiro ndi limenelo, musawonjezere. Ikamagona chammbali kapena kuzungulira, mphuno yake yapindika, ikonzeni kapena musinthe.

Kenaka tsitsani mpaka mumve mtovu wagunda pansi, ndipo muyang'ane chingwe. Chilowe m'madzi mopendekeka pakatikati, ngati madigiri 45. Chikamapita kutali kumbuyo ngati chikufuna kugona pamadzi, mtovu wachepa. Ngati munali ndi ma ounce 2, ikani 3 kapena 4, osati kumangomasula chingwe. Ndodo ikhale m'manja. Nyamulani pang'ono, bwezani, mumve "gu", nyamulaninso. Mtovu usakhwekhwerezeke, uzingogunda n'kudzuka. Ndipo musayende mzere woongoka ngati sitima. Pendekerani uku ndi uku modula mtsinje, chifukwa boti likamakhota nyambo imafulumira kenaka n'kuzengereza, ndipo pozengereza paja mpomwe walleye imakonda kuluma. Kuluma kwakenso si kwa phokoso. Nthawi zambiri mumangomva chingwe chalemera, ngati mwakola tsamba lonyowa. Mukamva choncho kokani mofatsa, musatsomphole.

WOULUTSA: Nanga kutsika ndi madzi n'kulakwa?

KATSWIRI: Panopa inde. Potsika muyenera kuthamanga kuposa madzi kuti nyambo igwedezeke, ndipo liwiro limenelo nsomba yozizidwa siingalifikire. Dikirani madzi apitirire madigiri 10, kuswana kuthe, njala iziwawe. Pamenepo ndiye kutsika kumapha nsomba. Mnyamatayu achenjerenso ndi mizere ya miyala yomwe akatswiri a US Army Corps of Engineers anamanga kalekale kuchokera kugombe kulowa mumtsinje, ija amati wing dam. Madzi akadzadza imabisika, imangooneka ndi kamzere ka makwinya pamwamba pa madzi. Nsomba zimaikonda, koma yathyola mapulopela ambiri.

WOULUTSA: Kalata iyi yandiseketsa. Yachokera ku Windsor, ku Ontario. Mayiyu akuti: "Ndimaona madoda ena pamtsinje wa Detroit ali m'boti opanda ndodo, dzanja lili kunja, akungolikweza ndi kulitsitsa. Kodi ndi umphawi kapena?"

KATSWIRI: Ha! Mayi, amenewo ndiye eni mtsinjewo. Kawedzedwe kameneko amati handlining, ndipo ndi kakalekale pamitsinje ya Detroit ndi St. Clair. Madzi a pamenepo ndi akuya komanso amphamvu, moti mtovu wa ma ounce ochepa umangouluka. Iwo amagwiritsa ntchito mtovu wolemera paundi imodzi kapena kuposa, womwe ndodo wamba singaupirire. M'malo mwa chingwe amagwira waya. Wayayo amachokera m'chokulungira chokhala ndi sipuling'i, chomangidwa m'mbali mwa boti, chomwe chimadzikulungira chokha munthu akamakoka. Akuluakulu akale ankapanga zokulungirazi ndi masipuling'i a magalamafoni akutha a Victrola.

Pamwamba pa mtovu pamakhala kawaya kokhala ndi timakoleko tingapo. Pakoleko lam'munsi amamangapo chingwe chachifupi, tinene mapazi 20, palam'mwamba chachitali, mwina mapazi 40, chilichonse ndi nyambo yake. Chachitalicho chimatsika pang'onopang'ono mpaka kukafika pafupi ndi pansi kumbuyo kwa chinzake, motero nyambo ziwiri zimayenda mondondozana osapiringizana. Dzanja limene mukuliona likukwera ndi kutsikalo likuwerenga pansi pa mtsinje. Waya satamuka, ndiye chala chimasiyanitsa mchenga, matope ndi nsangalabwi. Pakuya pakasintha, munthu amangomasula kapena kukoka pang'ono nthawi yomweyo. Kwa ine palibe njira ina yosunga nyambo pansi mokhulupirika kuposa imeneyi. Mphepo kapena mvula ikadetsa madzi, anzawo oponya nyambo ya mtovu ija amati jig ataimika boti amabwerera chimanjamanja, madoda awa akukwezabe. Walleye ili ndi maso oona mumdima, aja amawala mukawaunika ndi tochi, ndiye m'madzi akuda ndi usiku imasakabe.

Chenjezo limodzi kwa wofuna kuyesa: waya musamukulunge pachala. Mtovu ukakodwa boti likuyenda, chalacho mudzachisiya mumtsinje. Muvale chotchinga chachikopa, wayayo angogona pachala.

WOULUTSA: Funso lalifupi ili: nyambo ya mtundu wanji?

KATSWIRI: Madzi akuda, yowala: yalalanje, yachikasu chobiriwira. Madzi oyera, yasiliva kapena yagolide ya msana wakuda. Koma anthu amataya ndalama zambiri pa utoto pamene vuto lili pa kuya.

WOULUTSA: Wina wa ku Wisconsin akufunsa za chingwe chamitundumitundu chomwe anaona m'sitolo.

KATSWIRI: Chimenecho ndi lead core, chingwe chokhala ndi mtovu m'kati mwake. Chimasintha mtundu pa mayadi 10 aliwonse kuti muziwerenga kuchuluka kwa chomwe mwamasula. Mumamasula mpaka nsonga ya ndodo ionetse kuti nyambo yayamba kujompha pansi, kenaka n'kukulunga pang'ono. Chimagwira bwino pamalo aatali a mchenga wosalala, monga kumtunda kwa nyanja ya Pepin. Pamalo a zitsa ndi miyala chidzakulizani, bwererani ku swivel ya maso atatu ija.

WOULUTSA: Iyi yachokera ku Toledo, ku Ohio. Mayiwa akuti amuna awo akufuna kuchita zomwezi mumtsinje wa Maumee, pafupi ndi kwawo.

KATSWIRI: Ayi, mayi, awaletse. Maumee ili ndi walleye zambiri mu Malichi ndi Epulo, koma malo omwe zimaswanirako, cha ku Perrysburg, ndi osaya komanso amiyala. Kumeneko anthu amaima m'madzi atavala majombo ofika m'chifuwa. Komanso kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 30 Epulo boma la Ohio limaletsa mbedza za mano atatu mumtsinjewo, ndipo nyambo zonga kansomba zomwe takambazi zimabwera ndi mbedza zoterozo. Pachigawo china amalola kuwedza kuyambira dzuwa litatuluka mpaka kulowa basi. Nsomba yomwe mbedza yaikola pamsana kapena pamchira, osati m'kamwa, iyenera kubwezedwa. Oyang'anira amaima pagombe ndi zoonera patali, ndipo chindapusa chake si chamasewera.

Malamulo amasiyana boma ndi boma. Ku Michigan munthu mmodzi amaloledwa zingwe zitatu, m'nyanja za mkati mwa Minnesota chimodzi chokha madzi akakhala osaundana. Mtsinje wa Detroit ndi malire a mayiko awiri, ndiye mukadutsa pakati kulowera ku Canada, laisensi ya Michigan yatha ntchito, pakufunika ya Ontario. Pa Mississippi mudzakolanso sauger, mbale wake wa walleye. Walleye ili ndi banga loyera kunsonga yam'munsi ya mchira, sauger ili ndi madontho akuda pachipsepse chaminga cha pamsana. Muzidziwe, chifukwa malo ena muyezo wake ndi wosiyana.

WOULUTSA: Kalata yomaliza ndi ya agogo ena a ku Michigan. Akuti mdzukulu wawo anabweretsa chinsomba chachikulu, potumbula anapeza mazira okhaokha, ndipo mtima unawawawa. Akutinso amaopa akamuona akupita kumadzi ayezi asanathe.

KATSWIRI: Agogo, mtima wanu sunalakwe. Kumene lamulo likulola, mwanayo sanapalamule, koma ine zikuluzikulu ndimabweza. Zonenepa kwambirizo pafupifupi zonse ndi zazikazi zonyamula mazira. Kuwonjezera apo, nsomba ikamakalamba imasunga mekyule ndi mankhwala aja amati PCB m'thupi mwake, n'chifukwa chake a zaumoyo ku Michigan amatulutsa kabuku ka Eat Safe Fish konena za mitsinje yosiyanasiyana. Ya mainchesi 15 mpaka 18 ndiyo ya m'poto, nyama yake yoyera, yopanda minga yambiri.

Za mantha anuwo, muwasunge ndithu. Madzi a mu Malichi amakhala cha m'ma digiri 4. Munthu akagweramo, mphindi yoyamba amabanika n'kumeza madzi asakufuna, ndipo pakangotha mphindi pafupifupi 10 manja amakana kugwira, ngakhale akhale katswiri wosambira. Jekete yoyandamitsa ikhale pathupi, osati pansi pa mpando. Asapite yekha, atenge zovala zouma m'pulasitiki, ndipo maso azikhala kumtunda, komwe kumachokera zidutswa za ayezi ndi mitengo yokokoloka. Pa Detroit pamadutsa zombo zikuluzikulu zonyamula katundu zomwe sizingaime kapena kukhota msanga. Akaiona ikubwera, akoke zingwe apatuke. Pansi pa madamu pali zikwangwani zoletsa, asadutse ngakhale nsomba zitamakodola.

WOULUTSA: Agogo mwamva, mukamuuze mdzukuluyo kuti popanda jekete makiyi a galimoto sapatsidwa. Omvera, musanapite kumtsinje tengani kabuku ka malamulo a usodzi a chaka chino a boma lomwe mukukhala, chifukwa chiwerengero cha nsomba zololedwa patsiku chimasintha. Amene makalata anu sitinawawerenge lero musataye mtima, tiyamba ndi anu sabata yamawa.